Funso lokhudza chikondwerero cha m'nkhalango ku Tegernsee

Mlendo wa ku Munich

Abale ndi alongo amene mwakhalitsa kuno ku Germany, ndikupempha nzeru zanu. Mnzanga wa kuntchito, yemwe kwawo ndi ku Kreuth, wandiitana pamodzi ndi banja langa ku chikondwerero cha kumudzi kwawo chotchedwa Waldfest, chimene chimachitikira m'nkhalango m'mwezi wa Julayi. Ndavomera, koma mtima sunakhale m'malo. Kwathu ku Dedza, mitengo yowirira imene ili pafupi ndi mudzi kawirikawiri imakhala manda, ndipo munthu salowamo chisawawa, makamaka akakhala mlendo. Ndikufuna kudziwa ngati nkhalango ya anzathuwa ili ndi miyambo yofunika kuisamala, ngati ndi koyenera kupitako ndi ana, komanso chimene tingavale kuti tisamuchititse manyazi amene watiitana.

Mayi wa ku Miesbach

Achimwene, musadere nkhawa, pakuti kumeneko kulibe kachisi, kulibe manda, ndipo palibe mwambo wobisika. Ndi bwalo chabe la m'mphepete mwa mudzi, pansi pa mitengo italiitali, pomwe amayika matebulo ndi mabenchi, nsanja ya matabwa yovinirapo ndi timanyumba togulitsiramo chakudya. Kwa anthu amene amapirira chisanu miyezi yambiri, mthunzi wa mitengo m'nyengo yotentha ndi chinthu chokondweretsa pachokha, ndipo mu Julayi kuno kumada mochedwa, mwakuti 9 koloko madzulo kumakhala kukuwalabe.

Chofunika kumvetsa ndi mwini wake wa chikondwererochi. Nyanja ya Tegernsee ili makilomita pafupifupi 50 kumwera kwa Munich, ndipo m'chigwa chake muli Gmund, Bad Wiessee, Rottach-Egern, Kreuth ndi tauni ya Tegernsee yeniyeniyo. Kuyambira mu Juni mpaka mu Ogasiti, mabungwe a m'midzi imeneyi amachita zikondwerero zawo mosinthanasinthana: sabata ino bungwe la mpira, sabata ina la masewera otsetsereka pa chipale chofewa, kenaka la osunga zovala ndi magule a makolo. Amene amanyamula mabenchi, kuwotcha nkhuku, kuthira mowa ndi kutsuka mbale ndi mamembala a bungwe pamodzi ndi mabanja awo, ndipo ambiri a iwo salandira malipiro. Ndalama zimene apeza m'masiku ochepawo ndizo zimathandiza bungwe chaka chonse, monga kugulira ana zipangizo zamasewera ndi kukonza nyumba yokumaniramo. Choncho mukaona mnzanuyo wavala epuloni n'kumathamanga ndi mbale osakhala nanu pansi, musayese kuti wakutayani. Wakuitanani kuti mudzaone ntchito ya mudzi wake, ndipo kwa ine ulemu umenewo ndi waukulu kuposa kukutengerani ku hotela.

Mudzamva gulu la malipenga likuimba kuyambira masana. Mudzaonanso anyamata akuvina Schuhplattler, gule amene amamenya zikhatho pa ntchafu ndi pansi pa nsapato motsatira nyimbo, ndipo nthawi zina amuna amaimirira n'kuyamba kuliza zikwapu zazitali mogwirizana ndi oimba. Chakudya chake ndi nkhuku yowotcha, nsomba yowotcha pa mpani, tchizi ndi makeke amene amayi a m'mudzimo aphika kunyumba kwawo.

Bambo wa ku Rosenheim

Ndikugwirizana ndi mayi amene ayankha pamwambapa, koma pa nkhani ya zovala ndili ndi mawu. Anthu ambiri kumeneko amavala zachikhalidwe chawo, amuna makabudula achikopa otchedwa Lederhosen, amayi madiresi a Dirndl, ndipo m'boma la Miesbach nkhani imeneyi saitenga mopepuka. Ndi m'boma lomweli, ku Bayrischzell, kumene mphunzitsi Josef Vogl ndi anzake adayambitsa bungwe losunga zovala za makolo m'chaka cha 1883, ataona kuti makabudula achikopa akuzimiririka, ndipo mabungwe otere adafalikira m'chigawo chonse chino cha Bavaria kuchokera pamenepo. Zovala zimene mamembala amavala ndi zodula, zosokedwa mosamala, ndipo zina adasiyiridwa ndi makolo awo.

Malangizo anga ndi akuti musagule zotchipa zija zimene zimadzaza m'masitolo a ku Munich nyengo ya Oktoberfest, chikondwerero chachikulu cha mowa, ikayandikira, chifukwa eni mudzi amazizindikira zikadali patali ndipo siziwasangalatsa. Palibe amene adzakubwezeni pakhomo chifukwa chovala malaya ndi thalauza zaukhondo. Mayi a kunyumba akavala diresi la chitenje losokedwa bwino, ndikhulupirira kuti anthu amene amalemekeza zovala zakwawo adzalemekezanso zakwathu.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti zikondwererozi zatchuka kwambiri pakati pa anthu a ndalama a mumzinda, amene amabwera m'magulu, kudzaza mabenchi ndi kusokosera mpaka usiku, osatembenukira ngakhale pang'ono kwa ana amene akuvina pansanja atakonzekera miyezi yambiri. Bungwe limapindula ndi ndalama zawo, zimenezo sindikana, koma nkhalamba ya m'mudzimo ikasowa pokhala pa chikondwerero chimene idathandiza kuchiyambitsa, pamenepo chinachake chalakwika.

Mayi wa ku Holzkirchen

Bambo a ku Rosenheim anena zoona za khamu la madzulo, ngakhale kuti ine sindiona kuti mudzi walandidwa chikondwerero chake, chifukwa masana chimakhalabe cha mabanja, ndipo ana amapeza timasewera tawo pomwepo. Inu achimwene, fikani masana ndipo muchoke kusanade.

Mowa ulipo wambiri, ndipo amauthira m'makapu a lita imodzi. Kawirikawiri umachokera ku fakitale ya ku Tegernsee, imene ili m'nyumba zakale za amonke, omwe adakhala pamenepo kuyambira zaka za m'ma 700 mpaka boma lidawatsekera mu 1803. Amene samamwa amapeza zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo palibe amene amamukakamiza. Tengani ndalama m'manja, chifukwa si paliponse pamene amalandira khadi. Sitima yochokera ku Munich kudzera kuno ku Holzkirchen imatenga pafupifupi ola limodzi kuti ifike ku Tegernsee, ndipo kuchokera pamenepo pali basi yopita ku Kreuth, koma muonetsetse nthawi ya basi yomaliza yobwerera.

M'mawa wa tsikulo mumufunse mnzanuyo ngati chikondwerero chilipo, popeza mvula ikagwa amachisunthira ku tsiku lina. Anawo muwatengere majuzi, pakuti m'mphepete mwa mapiri mumazizira dzuwa likangolowa, ndipo mukafika kunyumba muwayang'ane bwino m'miyendo, m'khwapa ndi m'mutu, chifukwa nkhupakupa za m'maudzu a ku Bavaria zimafalitsa matenda.