Zowonjezera pa funso la viza ya sukulu ya ku UK: nkhani ya masiku 28

Pa funso lija la amene anakanizidwa viza ya sukulu ya ku UK chonsecho ndalama zinalimo mu akaunti, tinayankha kuti mwina vuto ndi sitetimenti ya ku banki. Tsopano atitumizira kalata yowakanira, ndipo vuto ndi lomwelo.

Lamulo likuti ndalamazo zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana, osatsika pansi pa mlingo wofunika ngakhale tsiku limodzi. Mlingowo ndi fizi ya chaka choyamba yomwe CAS (chikalata cha ku yunivesite chotsimikiza kuti yakulandirani) ikuonetsa kuti simunalipire, kuphatikizapo ndalama zodzisamalira za miyezi yosaposa 9, ndipo za ku London ndi zokwererapo. Pamene ambiri amagwa ndi apa: ndalama za dziko lina amazisintha kukhala mapaundi pa mtengo wa tsiku lomwe mwatumiza fomu yofunsira viza. Ndalama yanu ikachepa mphamvu, zomwe zimakwana dzulo lero zaperewera. Chonde muziika ndalama zopitirirako mlingowo.

Tsiku lomaliza pa sitetimenti lisakhale lakale kuposa masiku 31 pomwe mukutumiza fomu. Akaunti ya makolo imaloledwa, koma pamafunika chiphaso chobadwira ndi kalata yawo yovomereza. Ya amalume kapena ya mnzanu siiloledwa.

CAS yomwe yagwira kale ntchito siigwiranso, choncho pemphani ina ku yunivesite musanayambirenso. Onaninso chiphaso chosonyeza kuti mulibe TB, chifukwa chimatha mphamvu pakapita miyezi 6.