Ndithandizeni, chaka chino sindikufuna kugula kalikonse pa Khirisimasi

Membala wosadziwika
Moni nonse. A admin chonde dzina langa libisike, alamu anga ali momuno. Ine ndatopa. Chaka chatha tinagula mphatso, zovala zatsopano za ana, mtengo wa pulasitiki ndi timagetsi tothwanima tija, zonse pa ngongole. Januwale anatipeza chimanjamanja, fizi ikudikira, ndipo ngongoleyo tinadzamaliza mu Epulo. Timagetsito tinapsa tsiku lachitatu. Chidole chodulacho chinathyoka madzulo a tsiku lomwelo, mwana n'kumaseweretsa katoni yake.

Chaka chino ndikufuna tikhale phee pakhomo. Kupemphera m'mawa, kudya limodzi, kucheza, basi. Koma foni yanga ikungolira mauthenga a mitengo yotsika chiyambire Novembala, ana nawo akuona zomwezo pa TV. Alamu anga aja, omwe anabwereka mapoto anga chaka chatha osabweza mpaka lero, koma imeneyo ndi nkhani ina, aponya kale pa gulu la banja la pa WhatsApp zithunzi za zovala zofanana zoti tonse tisoketse. Apongozi amandinena kale kuti ndine woumira. Aneba ayamba kuyesa masipika usiku, tulo sindikuliona. Ndiye ndipange bwanji kuti ana asaone ngati tikuwalanga?

NaBanda
Anawo ali ndi zaka zingati? Nanga bambo akunyumba akuti bwanji?

Mphunzitsi Wopuma
Mayi, MWATSEGUKA MASO. Ndakhala ndikunena pagulu pano zaka zitatu. Baibulo silitchula tsiku limene Yesu anabadwa. Umboni wakale kwambiri wa chikondwerero cha pa 25 Disembala ndi wa ku Roma m'chaka cha 336, patatha zaka zoposa 300 chibadwire Yesuyo. Werengani Luka 2, mwanayo anamugoneka modyera ziweto chifukwa anasowa malo. Lero tikumukumbukira ndi ngongole! Santa wofiira uja anapangidwa ndi Coca-Cola mu 1931. Black Friday, tsiku la mitengo yotsika lija, ndi ya ku America, tsiku lotsatira Thanksgiving yawo. Ife Thanksgiving timaidziwa?

Bambo a Mapasa
Mapoto aja ndi angati? Tiyambire pamenepo kaye 😂

Mayi Busa
A Mphunzitsi, pa Santa mwaphonya. Zithunzi za Santa wovala zofiira zinalipo kale Coca-Cola isanayambe kumugwiritsa ntchito, iwo anangomutchukitsa. Chiyambi chake ndi Nicholas Woyera, bishopu wa mzinda wa Myra, m'dziko limene lero ndi Turkey, m'zaka za m'ma 300, amene ankadziwika ndi kuthandiza osauka mobisa. Komanso mwaiwala dala Mateyu 2:11. Anzeru a kum'mawa anabweretsa golide, lubani ndi mure. Kupatsa si tchimo.

Mphunzitsi Wopuma
Amayi Busa, anzeruwo anatenga golideyo pa ngongole? Ndiyankheni. Komanso anapereka kwa YESU, osati kwa alamu awo.

Mayi wa ana anayi
Achemwali, ine ndinayesa zimenezi. Ndinawauza ana pa 24 madzulo kuti chaka chino kulibe kanthu. Wamng'ono analira mpaka kusanza, wamkulu anakauza agogo ake kuti mayi adya ndalama za Khirisimasi. Nkhani inafika mpaka kwa ankhoswe, n'kutulukanso zina za mu 2019 zomwe ndinkayesa kuti zinatha. Amuna anga anakhala duu ngati sakudziwapo kanthu, chonsecho tinagwirizana tonse awiri. Mpaka pano ndikakumbuka mtima umandiwawa. Inu auzeni panopa, musadikire tsiku litayandikira.

Mnyamata wa Ujeni
Mumabereka bwanji ana ngati simungathe kuwagulira chovala kamodzi pa chaka? Ife tinakula tikusirira anzathu pa 25, sitidzaiwala.

NaBanda
Achimwene, mayiyu sananene kuti ana ake alibe zovala. Muziwerenga kaye.

Mphunzitsi Wopuma
Mnyamata iwe, ukudziwa kuti mu 1647 nyumba ya malamulo ya ku England inaletsa Khirisimasi? Ku Massachusetts, ku America, kuyambira 1659 mpaka 1681, wopezeka akukondwerera ankalipira chindapusa. Ana a kumeneko anafa?

Mnyamata wa Ujeni
Madala, ndiye mukufuna mayiyu akawerengere ana ake za 1647 m'malo mwa nsapato?

Bambo a Mapasa
Nzeru yanga ndi iyi. Ku Ethiopia komanso Akhristu a Coptic ku Egypt amachita Khirisimasi pa 7 Januwale. Auzeni ana kuti mwasamukira kumeneko. Pofika tsikulo ogulitsa amakhala atatsitsa mitengo ya zotsala zonse, alamu anunso ndalama zitawathera, sabwera.

Mayi Busa
Zachibwana pambali. Kwathu timalemba mayina a onse pa timapepala, aliyense n'kutola kamodzi, ndipo amagulira munthu mmodzi yekhayo, pa ndalama yomwe tagwirizana. Ana timawasiya asankhe chochita tsikulo, kaya masewero kaya kokayenda. Gulu la banjalo lichotseni phokoso mpaka Januwale, koma alamuwo aimbireni foni nokha, musawayankhe pagulu.

Mphunzitsi Wopuma
Kutola timapepala n'kugulabe. Mukungochepetsa poizoni m'malo momutaya. Ine chiyambire 2008 sindinagulepo ngakhale khadi. Ndipo makhadiwo anayambitsa ndi Henry Cole ku London mu 1843, munthu woti ankangofuna njira yachidule yoyankhira makalata.

Mayi wa ana anayi
A Mphunzitsi, ana anu amabwera kudzakuonani pa Khirisimasi?

Mphunzitsi Wopuma
Funso limenelo silikukhudzana ndi mutu.

Wogulitsa Zovala
Inu mukamati anthu asagule, ife ana athu adya chiyani? Disembala ndi amene amatilipirira lendi ya miyezi itatu. Mayi, ndilembereni ku inbox, ndili ndi za ana zotchipa, mutha kulipira pang'onopang'ono.

Bambo a Mapasa
Mayiyu akuthawa ngongole, inu mukumupatsa ngongole 😂😂 A admin bwerani.

NaBanda
Ndikufunsanso kachiwiri. Zaka za ana? Wa zaka zinayi mumangomupatsa baluni, tsiku latha. Wa zaka 15 mumakhala naye pansi n'kumuonetsa ndalama zomwe zilipo ndi fizi ya Januwale, amamva. Ndipo ngati bambo awo sakudziwa za ganizoli, zonse tikulemba apazi n'zopanda ntchito, adzangotulukira ndi majumbo pa 24.

Membala wosadziwika
Zikomo nonse, ndawerenga. A Bambo a Mapasa, mapoto ndi atatu, limodzi lalikulu lomwe ndinapatsidwa pa ukwati. Panopa alamu aja andilembera kuti aona positi iyi, akufunsa ngati ndi ine.

NaBanda
Mayi. ZAKA ZA ANA.

Mphunzitsi Wopuma
Pa nkhani ya mtengo wa pulasitikiwo, mwambo umenewo unachokera ku Germany. Ndifotokoza bwinobwino ndikabwera, foni yatha moto.