"Nyundo ndi posulira ndikadali nazo": bambo ake a William Marshal ankatanthauzanji?

Nabanda:
Akuluakulu odziwa mbiri ya ku England, ndithandizeniko. Pa nkhani ya William Marshal, msilikali wa pakavalo uja anamwalira mu 1219, pali mawu omwe akuti bambo ake, John Marshal, ananena atauzidwa kuti mwana wawoyo anyongedwa. Akuti anayankha kuti nyundo ndi posulira akadali nazo, asula ana ena oposa ameneyo. Kodi unali mwambi wa nthawi imeneyo, kapena mkuluyu analidi wosula zitsulo? Nanga dzina loti Marshal likugwirizana ndi zosulazo?

Chisale:
A Nabanda, mkuluyu sanali wa pachipala ayi. Mawuwo ndi okuluwika ndipo akunena za kubereka. Nyundo ndi posulira ndi mphamvu ya m'nyumba, yake ndi ya mkazi wake. M'Chichewa chosapsatira akuti, "mupheni, ndibereka wina."

Kuti mumve kulemera kwake, onani m'mene chikole chinkayendera. Mu 1152 mfumu Stephen inazinga linga la John ku Newbury, pa nkhondo yolimbirana ufumu ndi Matilda, mwana wa Henry I. John anali mbali ya Matilda. Anthu a m'linga akapanikizika ankaloledwa kupempha kuti nkhondo iyambe yaima, akafunse mbuye wawo ngati angagonje. Wozingayo ankafuna chikole, ndipo chikole chodalirika chinali mwana wobereka yekha mwini linga. John anapereka William, kamwana ka zaka pafupifupi zisanu. Koma masiku anapatsidwawo iye analowetsa asilikali ndi chakudya m'lingamo, kenako n'kukana kulipereka. Pangano linasweka, ndiye mwa mwambo wa nkhondo moyo wa mwanayo unali m'manja mwa mfumu.

Chikole chimagwira ntchito pokhapokha woperekayo akuopa kuchitaya, komanso wolandirayo ali ndi mtima wochiwononga. Pa Newbury zonse ziwiri zinasowa. William anali mwana wamwamuna wachinayi. Gilbert ndi Walter, a mkazi woyamba Aline, komanso John wamng'ono wa Sybil, mayi ake a William, onse anali patsogolo pake, choncho malo a bambo sankayembekezeka kum'fika. Stephen nayenso ankadziwika kuti ndi wofewa mtima. Anapita naye mwanayo ponyongera, ulendo wina anafuna kumuika m'chida choponyera miyala kuti am'ponye m'linga, koma mfumu inalephera. Mapeto ake ankakhala naye m'hema akusewera ndi timapesi ta maluwa a kutchire, kumenyanitsa ngati asilikali, mwana n'kudula mutu wa "msilikali" wa mfumu.

Mbewe:
A Chisale alongosola bwino. Ndingochenjeza pa gwero la mawuwa. Akupezeka mu Histoire de Guillaume le Maréchal, ndakatulo ya Chifalansa chakale ya mizere yoposa 19,000, yomwe mwana wamkulu wa William analembetsa cha m'ma 1220 bambo ake atamwalira. Ndiye kuti zaka pafupifupi 70 zinali zitadutsa chichitikireni za ku Newbury, ndipo nkhaniyo inkakambidwa m'banja momwemo. Ine ndimawatenga ngati mawu a pa nkhani imodzi omwe anatchuka, osati mwambi wa aliyense. Banjalo silinkawaona ngati chamanyazi. Linkaonetsa kuti kholo lawo linali munthu wosaopsezeka, yemwe mu 1141 ku Wherwell anakhalabe m'tchalitchi chikuyaka moto mpaka mtovu wosungunuka wa padenga unam'dontera kumaso n'kumuwononga diso limodzi.

Za dzinali, funso lanu lagunda pabwino. Marshal likuchokera ku mawu awiri akale a chinenero cha Afulanki: marah, kavalo, ndi skalk, wantchito. Poyamba anali wosamalira akavalo basi. Mpaka lero m'Chifalansa maréchal-ferrant ndi mmisiri wokhomera zitsulo kuziboda za kavalo, ndiye omvera ndakatuloyo ayenera kuti ankaimva nyundoyo ikugwirizana ndi dzina. Koma pofika nthawi ya John unali udindo wa kunyumba ya mfumu, woyang'anira akavalo ndi kusungitsa bata pabwalo, wochita kusiyirana. Mukam'peza atalembedwa John FitzGilbert ndi yemweyo: fitz ndi "mwana wa", kuchokera ku liwu la Chilatini filius. William analandira udindowu mu 1194 mkulu wake John atamwalira.

Nabanda:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga iye William, amene anapulumukayo, mbewu yake inapita patali?

Chisale:
Inapita, koma osati njira imene anthu a nthawiyo ankaiwerengera. Poti analibe malo, anakaphunzira usilikali ku Normandy kwa William de Tancarville, ndipo chuma anachipeza pa mipikisano ya apakavalo. Ukagwira mnzako unkatenga kavalo wake ndi zida, iye n'kulipira dipo. Iye ndi mnzake Roger de Gaugy anagwira apakavalo 103 pa miyezi 10. Mu 1189 anapatsidwa Isabel de Clare, mwana wa Strongbow, mbuye wa ku Leinster, ndipo ukwati umenewu ndi umene unam'bweretsera Chepstow, Leinster ku Ireland, kenako Pembroke. Anabereka ana 10, aamuna asanu ndi aakazi asanu.

Aamunawo palibe anasiya mwana wa m'banja. Woyamba, William wamng'ono, anamwalira mu 1231. Richard anaukira mfumu Henry III, anavulazidwa pa Curragh ku Ireland n'kufera ku Kilkenny mu 1234. Gilbert anafa mu 1241 pa mpikisano umene mfumu inaletsa: zingwe za kavalo zinaduka, phazi linakodwa m'chopondera, kavalo n'kumukhwekhwereza. Walter anamwalira mu Novembala 1245, Anselm mwezi wotsatira. Matthew Paris, mmonke wa ku St Albans, analemba kuti linali temberero la bishopu wa ku Ferns yemwe bambo awo William anam'landa minda iwiri. Zimenezo ndi za Matthew Paris. Chooneka ndi maso n'choti abale asanu anatha pa zaka 14.

Mbewe:
Apa mpamene lamulo la chuma cha masiye linasintha zonse. Pakakhala mwana wamwamuna, wamkulu ankatenga zonse. Pakasowa wamwamuna, aakazi ankagawana mofanana, ndipo womwalira gawo lake linkapita kwa ana ake. Pogawa mu 1247, Maud yekha ndiye anali moyo mwa ana aakazi asanu a William, komabe magawo anali asanu. Ku Leinster, Carlow inapita kwa Maud, amene mwamuna wake woyamba anali Hugh Bigod. Kilkenny kwa ana a Isabel a mtundu wa Clare. Wexford kwa mwana wamkazi wa Joan, amene anakwatiwa ndi William de Valence. Dunamase kwa ana a Eva. Kildare kwa ana a Sibyl. Vuto linakula pa Sibyl, chifukwa anasiya ana aakazi asanu ndi awiri, ndiye gawo lake linabenthulidwanso kasanu n'kawiri. Dera lomwe linkatetezedwa ndi mbuye mmodzi linagwera anthu ambiri, ochuluka mwa iwo okhala ku England.

Ife tinganene kuti mbumba ndiyo inasunga mtundu. Mwana wamkazi wa Isabel, mchemwali wake wa Maud, anakwatiwa ndi Robert de Brus wa ku Annandale, ndipo mdzukulu wawo ndi Robert Bruce, amene anakhala mfumu ya Scotland mu 1306. Udindo wa Marshal unadzera mwa Maud kupita kwa mwana wake Roger Bigod wa ku Norfolk. Pambuyo pake unabwerera kwa mfumu n'kudutsa m'mabanja ena, koma kuyambira 1672 udindowu, wotchedwa Earl Marshal, ndi wosiyirana m'banja la Howard. Duke wa ku Norfolk, Edward Fitzalan-Howard, ndi amene anayendetsa mwambo wa maliro a Elizabeth II mu 2022 ndi wolonga Charles III ufumu mu 2023.