Malasha a ku Mchenga mu mgolo: kunja apsa, pakati akufukabe utsi

Wa ku Luwinga: Akuluakulu, ndithandizeni. Cholinga ndi kuchotsa utsi m'malasha a ku mgodi wa Mchenga, ku Rumphi, kuti aziyaka pa mbaula ngati makala. Mgolo ndi wa malita 200, wotseka, paipi ili pa chivundikiro, moto wa nkhuni pansi maola anayi. Potsegula, am'mbali ayera phulusa, apakati akadali aawisi, paipi yatsekeka ndi phula. Cholakwika n'chiyani?

Fundi wa Katoto: Achimwene, phulusa lam'mbalilo likutanthauza kuti mpweya ukulowa, ndiye malashawo akuyaka m'malo mophikika. Matani chivundikiro ndi dothi lonyowa, ndipo musatsegule mpaka mgolo utazizira moti n'kugwirika ndi dzanja.

Vuto lalikulu ndi liwiro la moto. Malasha satulutsa nthunzi, phula ndi utsi nthawi imodzi. Mpaka madigiri 150 chotuluka ndi nthunzi chabe, ndipo ndi mvula ya kuno ku Mzuzu gawo limeneli limadya nthawi, choncho yambani mwawayanika. Phula ndi utsi wachikasu zimatuluka kwambiri pakati pa madigiri 350 ndi 500. Apa ndiye pofunika kudekha. Malasha salola kutentha kudutsa msanga. Mukakoleza moto waukulu, kunja kumafika 600 pakati pasanafike n'komwe 300. Aphwanyeni akhale masentimita 2 mpaka 4, sefani fumbi chifukwa limatseka njira ya gasi, ndipo pitirizani moto ola lathunthu utsi wachikasu utatha. Mgolo wa malita 200 ndi wonenepa kwambiri pa ntchitoyi. Dutsitsani paipi ya moto pakati pake, kapena pezani wocheperako.

Mayi wa ku Chibavi: Ndiwonjezere pa za paipi. Phula limatuluka ngati nthunzi, likakhudza chitsulo chozizira limaundana. Paipi ikhale yaifupi, yotakata, ndipo ipindikire pansi pa mgolo kuti gasiyo aziyaka pamoto womwewo, nkhuni zimapulumuka. Ikatsekeka mgolo uli pamoto, chivundikiro chitha kuphulika.

Musapitirirenso muyeso. Pa 500 mpaka 600 malasha amatsala ndi gasi pang'ono wothandiza kuti agwire moto msanga. Kupyola 900 amauma gwa, pa mbaula sayaka popanda chopemerera. Ngati mulibe thermocouple (chipangizo choyezera kutentha), yang'anani usiku: chitsulo chikayamba kufiira pang'ono mumdima, chili cha m'ma 550. Koma chimenecho ndi chitsulo, osati pakati pa malasha.

Wa ku Luwinga: Zikomo amayi. Nanga fungo la mazira owola limene limamveka pophika malashawa?

Mayi wa ku Chibavi: Ndi sulufule akutuluka ngati gasi, ndipo ndi poizoni. Phikirani panja, kutali ndi nyumba. Wina amatsalirabe m'malashamo, phulusanso silichoka pophika. Ndipo ngakhale utsi utatha, malashawa amatulutsa carbon monoxide, gasi wakupha yemwe sanunkha. Kuzizire bwanji mu June, mbaula yake isalowe m'chipinda chotseka.