Network security ndi makompyuta ochepa: ndiyambire pati, nanga Kali ndiwapatse?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa ICT pa koleji ina ya ntchito zamanja kuno ku Mchinji, ndipo temu ino andipatsa gawo la network security. Mulabu mwathu ana amakhala atatuatatu pa kompyuta imodzi, RAM yake 4GB, switch ndi imodzi yakale, intaneti ndi ya bandulo ya pafoni panga. Za magetsi mukuzidziwa kale.

Vuto langa si zipangizo zokha ayi. Anawa amaloweza bwino confidentiality, integrity, availability, ndipo pamayeso amakhoza. Koma muwapatse rauta kuti asinthe pasiwedi ya admin/admin yomwe idabwera nayo, amangoyang'anana. Ndikufuna agwire ndi manja. Ndinaganiza zoika Kali Linux, sisitimu yodzaza ndi zida zoyesera chitetezo cha makompyuta, kuti aone pulogalamu ya Nmap ikufufuza ma port (makomo olowera pa netiweki) otsegula, koma akuluakulu apakoleji akukana, akuti "mukufuna mutiphunzitsire akuba". Nawonso anawo sakundithandiza, funso lawo loyamba linali loti adzatha liti kulowa mu Facebook ya chibwenzi. Inu mumatani?

Wa ma netiweki, Lilongwe: Aphunzitsi, Kali ayambe wadikira. Ikani Wireshark, pulogalamu yoonetsa zomwe zikudutsa pa netiweki, ndi yaulere ndipo safuna intaneti. Lumikizani makompyuta awiri pa switch yanuyo. Mwana mmodzi alowe pa inzake kudzera pa Telnet, njira yakale yolowera mu kompyuta uli patali, port 23, Wireshark ikujambula pa kompyuta yomwe akulemberayo. Akatha, dinani Follow TCP Stream. Dzina lake liwoneka chilembo chilichonse kawiri, chifukwa seva imabweza chomwe walemba, kenako pasiwedi yake yonse ili poyera, anzake akuwerenga mokweza. Mubwereze zomwezo ndi SSH, njira yomwe imabisa zomwe mukulemba, port 22: angoona zilembo zosamveka. Tsiku limenelo encryption simudzaifotokozanso, adzakufunsani okha chomwe chasintha.

Nachisale: Packet Tracer ya Cisco, pulogalamu yoyeserera kumanga netiweki pa kompyuta, mumaipeza ulere mukalembetsa ku Networking Academy. VLAN, ACL, port security, zonse achitira momwemo popanda kugula switch.

Ejenti wa pa Kamwendo: Ine za ma port sindizidziwa, ndimangogwira Airtel Money ndi Mpamba. Koma bambo, amene amalira pakauntala panga sanaberedwe ndi makina. Walandira uthenga woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena wina wamuimbira akuti ndi wa kukampani, nayenso n'kutchula PIN yekha. Nthawi yogulitsa fodya ndi soya ndiye zimachuluka. Anawo muwaphunzitsenso zimenezi, akauze makolo awo.

Mphunzitsi mnzanu, Kasungu: Akuluakulu anuwo musawaone ngati otsalira, mantha awo ali ndi pogwira. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa mu kompyuta kapena netiweki ya wina popanda chilolezo ndi mlandu. Ine ndimayamba ndi lamulolo, mwana aliyense amasaina kalata yoti zida izi azigwiritsa ntchito mulabu mokha. Kenako ndimaika Metasploitable 2, sisitimu yosiyidwa dala yopanda chitetezo kuti anthu aphunzirirepo, mu VirtualBox (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ina m'kati mwa kompyuta yanu), pa host-only, kuti chilichonse chomwe akuchita chisatulukire pa netiweki ya ofesi. Imakwana ndi 512MB, ndiye 4GB yanuyo ipirira. Nmap iliponso ya Windows, simufunika Kali kuti muyendetse scan.

Pokambirana ndi akuluakuluwo akumbutseni za kumayambiriro kwa 2024, pomwe kusindikiza mapasipoti kudaima kwa masabata angapo ndipo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena alowa mu makina a Immigration n'kumafuna dipo. Adzatchinge zoterezo ndi ana omwe tili nawo m'kalasimu.

Wa ma netiweki, Lilongwe: Apo ndikugwirizana nanu pang'ono chabe, achimwene. Ndimalandira ana a attachment odziwa kulemba nmap -sV koma osatha kundiuza kuti 192.168.1.0/24 imanyamula makina angati. Scan ikatulutsa 445 open amangoti "tapeza", osadziwa kuti ndi SMB yogawirana mafailo, khomo lomwe vairasi ya WannaCry idadzera mu 2017 mpaka kusokoneza zipatala za ku Britain. Ayambe subnetting (kugawa netiweki m'zigawo), kutseka ma port pa firewall, kuika ma update, kusunga backup ndi kuyesa kuibwezeretsa. Ntchito yomwe adzaipeze ku banki kapena ku khonsolo ndi imeneyo.

Nachisale: Wa Facebook ya chibwenziyo ayambe ndi kuika two-factor pa yake 😂

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndiyamba ndi subnetting ndi Wireshark, uthenga wa akuba uja ndiwupanga phunziro la social engineering, kunamiza munthu kuti aulule yekha zinsinsi zake, monga anenera mayi a pa Kamwendo, Nmap ibwere kumapeto kalata zitasainidwa. Koma ndakakamira pena: pa Windows 10 ndangopeza Telnet Client mu Windows Features, seva yake palibe. Ana alowa pa chiyani?

Mphunzitsi mnzanu, Kasungu: Seva ya Telnet adaichotsamo mu Windows 10. Metasploitable yomweyo ili ndi Telnet ndi SSH zotsegula kale, dzina msfadmin, pasiwedi msfadmin. Mu Wireshark musankhe adaputa ya VirtualBox Host-Only, osati ya Ethernet, apo ayi simuona kalikonse. Failo yake ndi pafupifupi 800MB, ikani pa flash mukapeza Wi-Fi ku Boma, musathere bandulo.