Golden retriever wanga ndimukweretse kwa woyera kapena kwa wagolide? Ndikupempha uphungu

Moni akuluakulu nonse a m'gulu lino, makamaka inu amene mwaweta agalu kwa zaka zambiri. Ine ndimakhala ku Mabvuku kuno ku Harare, ndipo ndili ndi galu wamkazi wa mtundu wa golden retriever, wa zaka zitatu, amene anandisiyira abwana anga akale a ku Borrowdale pamene ankasamuka. Ubweya wake ndi wagolide wakupsa ngati uchi, ndipo ndi wofatsa kwambiri moti adzukulu anga amasewera naye pakhonde tsiku lonse ine osada nkhawa. Ndikufuna kuti aswe kamodzi kuti ndisunge mwana wake mmodzi, enawo ndigulitse.

Agalu amphongo ndapeza awiri. Woyamba ndi woyera ngati mkaka, mwini wake amamutcha English cream, ndipo akundiuza kuti ndi mtundu wosowa umene sudwala khansa ngati ofiirirawa. Nditapempha zikalata zosonyeza kuti anamujambula mafupa a m'chiuno, anayankha kuti sanaone chifukwa chake popeza galuyo amathamanga bwinobwino. Wachiwiri ndi wagolide ngati wangayu, ndipo mwini wake anandionetsa zikalata za chiuno, zigongono ndi maso ndisanafunse n'komwe. Chimene chikundisautsa n'chakuti mwa anthu asanu amene andifunsa kale za ana, anayi akufuna oyera okhaokha ndipo ndi okonzeka kulipira zambiri. Sindibisa, ndalamazo ndikuzifuna, chifukwa chakudya, katemera ndi mankhwala a nkhupakupa zimandidyera kwambiri, koma sindikufuna kupatsa munthu kagalu kamene kadzayamba kutsimphina kasanakwanitse zaka ziwiri. Kodi n'zoona kuti oyerawa ndi mtundu wina? Nanga ndikakweretsa kwa woyerayo, ana adzatuluka oyera ndithu?

Yankho la mayi wina wa ku Highfield:

Bambo, mtundu wake ndi umodzi basi. Agalu onsewa anachokera ku Guisachan ku Scotland, kumene Lord Tweedmouth anakweretsa galu wachikasu dzina lake Nous kwa Belle, wa mtundu wa Tweed Water Spaniel, m'chaka cha 1868. Oyambirirawo sanali oyera ayi, ndipo ku Britain ubweya wa kirimu anauvomereza m'malamulo a mtunduwu m'chaka cha 1936. Lero malamulo a kumeneko amalola golide wamtundu uliwonse kapena kirimu, koma amakana wofiira ngati katondo, pamene a American Kennel Club, bungwe la agalu la ku America, sakondwera ndi galu woyereratu kapena wakupsa mopitirira. Dzina lakuti English cream ndi la amalonda, limene amakopera nalo ogula.

Pa funso lanu lachiwiri ndikuchenjezeni kuti musalonjeze munthu maonekedwe a ubweya. Kuyera kapena kupsa kwake sikuchokera kwa bambo yekha, kumatsata magazi a mbali zonse ziwiri mpaka kwa agogo, kotero kuti wanu wagolideyo akakwerana ndi woyera mukhoza kupeza ana osiyanasiyana pa bere limodzi. Komanso tiana timabadwa toyererako n'kumapsa tikamakula, ndipo amene akufuna kudziwa mmene kadzaonekere amayang'ana makutu, chifukwa ubweya wa pamenepo ndi umene umayandikira wa galu wamkulu. Ine ndinaonapo munthu akubweza galu wa miyezi khumi ali wokwiya, akunena kuti anamupusitsa, pamene galuyo anangosintha monga mwa chibadwa chake.

Yankho la bambo wina wa ku Tafara:

Achimwene, ndikugwirizana ndi mayiwa, koma mawu akuti woyera sadwala khansa andikhudza kwambiri. Khansa ndi imene imapha agalu ambiri a mtunduwu, n'chifukwa chake bungwe la Morris Animal Foundation ku America linayamba mu 2012 kutsatira agalu oposa 3,000 moyo wawo wonse kuti lidziwe zoyambitsa zake. Ubweya pawokha suteteza galu. Chothandiza ndi kufunsa kuti makolo ndi agogo a wamphongoyo anakhala zaka zingati ndipo anafa ndi chiyani. Kuthamanga bwino si umboni, chifukwa galu wamng'ono akhoza kukhala ndi mfundo za m'chiuno zosakhala bwino iye osaonetsa, n'kupatsira ana ake. Pa njira ya ku Britain amajambula galu akakwanitsa miyezi 12, ndipo mbali ziwiri pamodzi amazipatsa nambala yoyambira 0 mpaka 106, yotsika ndiye yabwino. Palinso kuyeza DNA, zimene galu amatengera kwa makolo, pofufuza matenda a maso ochititsa khungu otchedwa PRA, ndi ichthyosis imene imachititsa mamba ngati a nsomba pakhungu.

Tsono ndikufunseni mwaulemu: mwanena za zikalata za amphongo awiriwo, nanga wanu wamkaziyo munamujambulitsa? Theka la magazi a ana lichokera kwa iyeyo.

Yankho la mayi wina wa ku Mbare:

Ine ndingoteteza ogulawo pang'ono. Kukonda galu woyera si kulakwa, ndipo alipo oyera athanzi ndi zikalata zawo zonse. Ngati msika ukufuna otero, funani wamphongo wachitatu amene ali ndi zonse ziwiri, ngakhale mudikire miyezi ingapo.

Wofunsa uja:

Zikomo kwambiri nonse. Bambo a ku Tafara, funso lanu landigwira pamtima, chifukwa galu wangayu sindinamujambulitsepo, ndinangokhulupirira kuti popeza anachokera kwa anthu osamala ndiye kuti ali bwino. Nthawi yake yofuna wamphongo ikuyandikira mwezi wamawa, koma ulendo uno ndimutsekera, ndipo Loweruka ndipita naye kwa dokotala wa ziweto kukafunsa za chiuno ndi zigongono. Anthu anayi aja ndiwauza lero lomwe kuti sindingawalonjeze ana oyera. Amene munayezetsapo DNA muli kuno ku Harare, chonde ndiuzeni ngati dokotala amatenga yekha n'kutumiza kunja, kapena ngati ndiyenera kuitanitsa ndekha zipangizo zake.