Cruiser yakana kulira chiikireni injini, thandizeni akatswiri

Bambo a Shakira: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndili ku Mangochi, chakuno kwa Mpondasi. Ndili ndi Land Cruiser ya pikapu, injini yake 1HZ, ija ya 4.2 ya masilinda 6, yomwe ndimatutira usipa ku Makanjira. Inayamba kumwa oyilo komanso kufuka ngati uvuni ya njerwa, ndiye mwezi watha tinatsitsa injini. Amakaniko anasintha ma ring, ma bearing ndi clutch plate, block yonse, thupi la injini lija, n'kuipaka penti wakuda kuti ikongole. Taikweza Lolemba.

Ndikapotokola kiyi, magetsi a pa dashboard akuyaka bwinobwino, ka ma heater otenthetsa masilinda kakuyaka n'kuzima ngati kale. Koma ndikati ndilize, ikungoti "kha" kamodzi, magetsi n'kuchita chizimezime. Nthawi zina sitata imayesako kutembenuza injini mwaulesi, kenako zii. Batire ndi latsopano, ndagula sabata yomwe ino. Sitata tinaimasula n'kuiyesa pansi, ikuzungulira ngati chigayo. Amakaniko akuti injini yathina chifukwa cha ma ring atsopano, ndiye ndigule sitata ina yamphamvu. Komatu ndi sipanala pa pulley injiniyo ikutembenuka. Kukankha sitingathe, yaima pamchenga pansi pa mtengo wa mango, ndipo kulemera kwa Cruiser mukukudziwa. Chinanso, dzulo titayesa kangapo mnyamata wanga anagwira kebulo ya accelerator n'kupsa chala. Ndalama zandithera, anzanga akudutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi matumba ine ndikungopenya.

Mdala wa pa Ginnery: Achimwene, yankho mwadzipatsa nokha kumapetoko, pa chala cha mnyamatayo. Kebulo ya accelerator simatentha yokha. Sitata ya injini ya dizilo imakoka moto wambiri, ma amp mahandiredi, ndipo motowo uyenera kubwerera ku negative ya batire kudzera pa waya wonenepa wa earth amene amamangidwa pa injini. Wayayo akaiwalika kapena akapanda kugwira bwino, moto umasaka njira ina iliyonse: kebulo ya accelerator, ya handbrake, timawaya ting'onoting'ono. N'chifukwa chake dashboard ikuyaka koma sitata ikukanika. Siyani kaye kuliza, muotcha mawaya onse.

Jah B Spares: Sitata za 1HZ ndili nazo bwana, ex Japan. Bwerani ku inbox.

Mai a Tadala: Inu a Spares, munthu wanena kuti sitata yake ikuzungulira. Muziyamba mwawerenga.

Mdala wa pa Ginnery: Ngakhale sitata kuzungulira pansi si umboni wokwanira, chifukwa pamenepo ilibe katundu. Koma musanagule kanthu yesani izi, n'zaulere. Giya ikhale pa neutral, handbrake mukoke. Tengani waya mmodzi wojampira, mbali ina pa negative ya batire, ina pa chitsulo cha injini pamene palibe penti, ngakhale pa bawuti yogwira sitata. Ikatembenuka mwamphamvu, mlandu ndi wa earth. Ngati pali wa mita yoyezera magetsi, batire lodzadza lizionetsa cha m'ma 12.6V, ndipo poliza lisatsike kwambiri kupitirira 10V. Ayezenso pakati pa negative ndi block pamene mukuliza. Pakapitirira 0.5V ndiye kuti moto ukutayikira panjira.

Che Mjomba: Ija mwaipaka penti ija ndiye yandikayikitsa. Ine zinandionekera pa Hilux yanga ku Namwera. Waya unali pamalo pake, bawuti yothina bwino, koma pansi pake penti. Masiku atatu tikukankha galimoto pamtsetse m'mawa uliwonse, anthu mpaka kumati andilodza.

Kabaza Boss: Ingogunditsani screwdriver pa sitatapo mdala, ilira basi.

Mdala wa pa Ginnery: Zimenezo zimathandiza pamene vuto lili pa kiyi kapena relay. Apa solenoid ya sitata, ija ikuti "kha", ikugunda kale, ndiye mungothethetsa moto pachabe. Komanso Cruiser ikakhala mu giya imanyamuka inu muli kutsogolo kwa tayala.

Wa ku Chiponde: Mwaonetsetsa kuti yanuyo ndi ya 12V? Ma Cruiser ena ochokera ku Japan amakhala a 24V, mabatire awiri. Mwina ku galajako anakusinthirani sitata.

Bambo a Shakira: Yanga ndi ya batire limodzi chiigulireni, ndipo sitata ndi yomwe ija, ndinaiika chizindikiro ndi msomali tisanatsitse. A Mdala, mwalasa! Tajampa monga munanenera, yatembenuka mpaka mango kugwa. Titalowa pansi ndi tochi ya foni tapeza zinthu ziwiri. Waya wonenepa uja anaumanga pamwamba pa penti monga ananenera Che Mjomba, ndipo kawaya kena kolukaluka kochokera ku bodi kakungolendewera kuseri kwa injini. Tapala ndi sandpaper mpaka chitsulo kuwala, tamanga zonse ziwiri. Amakaniko angoti "paja ndinamutuma mwana uja". Koma nkhani sinathe: tsopano ikutembenuka bwino koma osagwira moto. Ku ekizozi kulibe ngakhale kautsi.

Mai a Tadala: Dizilo alimo koma? Musaseke, amuna anga anamasulitsapo pampu yonse thanki ili gwa.

Bambo a Shakira: Alimo mayi, ndathira malita 20 m'mawa uno.

Mdala wa pa Ginnery: Kusowa utsiko kukutiuza kuti dizilo sakufika m'masilinda. Vuto likanakhala ma heater mukanaona utsi woyera, ndiponso ndi kutentha kwa ku Mangochi 1HZ yabwino sivuta kwenikweni. Pitani pa injector pump, kumbuyo kwake kumene kumachokera mapaipi a ma nozzle, omwe amafayira dizilo m'injini, kuli ka solenoid kena kokhala ndi waya. Kameneko ndi kamene kamatseka mafuta mukazimitsa galimoto, ndipo kakapanda kulandira 12V injini singalire olo muilize mpaka batire lithe. Wina aike kiyi pa ON, inu chala chili pamenepo, muzimva "thi". Ngati kuli zii, yang'anani wayayo komanso mafyuzi ndi ma fusible link, timawaya togwira ntchito ngati fyuzi, a pafupi ndi batire, chifukwa ndi mmene mumakakamizira muja china chikhoza kuti chinapsa. Ngati kakugunda, ndi mpweya walowa m'mapaipi a dizilo. Popani kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka kalimbe, masulani pang'ono manati a pa ma nozzle, lizani mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, kenako mangani. Muziliza masekondi 10 n'kupumitsa, sitata ingapse. Manja atalikire pamene dizilo akutuluka.

Che Mjomba: Ikalira, maso pa ka magetsi ka oyilo. Injini yongomangidwa kumene, kakapanda kuzima msanga zimitsani pompo.

Bambo a Shakira: Yalira anthuni, cha m'ma 5 koloko! Pulagi ya ka solenoid inali yongogunda pamwamba, osalowa. Titaikankhira mkati tinachotsanso mpweya, kuliza kachitatu inagwira. Ka oyilo kanazima nthawi yomweyo. Kebulo ya accelerator yokha ndiyo yayamba kulimba, ndikuganiza kuti inapserera mkati, ndisintha ndisanalowe msewu wa Makanjira. A Mdala, nditumizireni nambala ku inbox, kachitini ka usipa kakupezani ku Blantyre. Koma musanagone: ka magetsi ka batire kakuyakabe injini ikulira. Lamba ndamugwira, ndi wothina.

Mdala wa pa Ginnery: Yang'anani mawaya a kumbuyo kwa alternator, ija imatchaja batire. Mwana yemweyo.